Kamera yojambulira m'tchalitchi cha mdima: ndigule iti, ndipo zithunzi ndizikonzera pa chiyani?

Aphiri (Mabvuku):
Moni nonse abale ndi alongo a pagulu lino kuno ku Harare. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa mtendere, ndipo ndikudziwa kuti pakati pathu pali anthu amene kamera anaizolowera. Kumpingo kwathu anandipatsa udindo wojambula zithunzi pa maubatizo, maukwati ndi misonkhano ya amayi a Chigwirizano, chifukwa chakuti foni yanga inkaoneka yabwinoko kuposa za anzanga. Lamlungu lapitali amayi anaimba atavala yunifolomu yawo, mabulauzi oyera ndi mipango yoyera kumutu, ndipo pamzere wakutsogolo panali mayi anga ondibereka, amene akwanitsa zaka 81 chaka chino. Nditafika kunyumba n'kutsegula zithunzizo pa laputopu, mtima unandiwawa kwambiri. Mabulauzi anatuluka oyera mbee, osaoneka ngakhale khwinya limodzi kapena batani, pamene nkhope zinali zakuda bii, moti mayi anga ndinawazindikira chifukwa cha ndodo imene amayendera basi. Zina zinali zachimbuuzi chifukwa amayi ankagwedezeka poimba.

Tchalitchi chathu chili ndi mawindo ang'onoang'ono m'mwamba, ndipo nthawi zambiri timapemphera magetsi atathima. Ndasunga madola 400 ndipo ndikufuna kugula kamera yeniyeni. Kodi ndigule yatsopano kapena yogwiritsidwapo kale ntchito? Kodi mamegapikiseli, mamiliyoni a timadontho topanga chithunzi, amene ogulitsa amatchula aja ndiwo ayenera kunditsogolera? Komanso ndithandizeni za pulogalamu yokonzera zithunzi, podziwa kuti laputopu yanga ndi yakale, ili ndi RAM ya 4GB yokha. Sindikufuna kuchita malonda ojambula ayi. Ndikungofuna kuti ndikhale ndi chithunzi chimodzi chabwino cha mayi anga akuimba, iwo akadali ndi mphamvu zoimirira pamzere uja.

Anankhoma (Dzivarasekwa):
Zikomo Aphiri. Ine maganizo anga ndi akuti ndalamazo muonjezere pang'ono mugule foni yamakono, chifukwa mafoni a masiku ano ali ndi njira yojambulira usiku imene imawalitsa ngakhale chipinda chamdima. Kamera yaikulu ndi katundu wolemera, imafuna chikwama chake, ndipo mu kombi imakopa maso a anthu. Ndikudziwa anthu angapo amene anagula makamera aakulu, lero angokhala m'kabati pamene eni ake akujambulabe pa foni.

Amwale (Highfield):
Achemwali Anankhoma, zimene mwanena za makamera ogona m'kabati n'zoona, ndipo ndaziona. Koma vuto limene Aphiri afotokoza si lofuna foni yatsopano, ndipo ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake, poti ndinayamba kujambula nthawi ya filimu, tikumatsuka zithunzi m'chipinda chamdima.

Njira yojambulira usiku imene ili m'foni imagwira ntchito mwa kujambula zithunzi zambiri motsatizana, kwa mphindikati imodzi kapena zingapo, kenako n'kuziphatikiza kukhala chimodzi. Pa nyumba, pa mtengo kapena pa munthu amene wakhala phee, zotsatira zake zimakhala zabwino ndithu. Koma amayi a Chigwirizano akayamba kuimba saima chilili, amapendeka uku ndi uku, manja akuwomba, ndiye pophatikiza paja nkhope zimafufutika kapena zimasalala ngati za chidole. Chimene chimafunika pamenepo ndi kukola kuwala kokwanira m'kanthawi kochepa kwambiri, mwina 1/200 ya mphindikati, ndipo zimenezi zimadalira zinthu ziwiri: kukula kwa sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala mkati mwa kamera, ndi kukula kwa bowo la lenzi. Sensa ya makamera amene timawatchula kuti APS-C ndi yaikulu pafupifupi mamilimita 23 m'litali ndi 15 m'lifupi, pamene ya mafoni ambiri siposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Zili ngati kutchera madzi a mvula: wina waika beseni, wina waika kapu.

Za mabulauzi oyera ndi nkhope zakuda, kamera sinalakwitse mwadala. Kachipangizo koyeza kuwala kamene kali mkatimo kamayesetsa kuti chithunzi chonse chikhale chapakatikati, chosawala kwambiri ndiponso chosada kwambiri. Kakaona nsalu zoyera zambiri kamachepetsa kuwala, nkhope n'kuda, ndipo kakaona khoma lamdima kumbuyo kamaonjezera kuwala, nsalu n'kupserera. Ife akhungu lakuda tikavala zoyera timaipatsa kamera ntchito yovuta kuposa ina iliyonse. Vutoli ndi lakale. M'masiku a filimu, malo otsukira zithunzi ankayeza mitundu pogwiritsa ntchito makadi a Kodak otchedwa Shirley, amene kwa zaka zambiri ankakhala ndi chithunzi cha mayi wachizungu, ndiye makina ankatcheredwa motsatira khungu loyera. Ife tinkachita kudziwa tokha kuti pojambula ukwati wa kwathu kuno tiyenera kutsegula lenzi pang'ono kuposa mmene kabuku kanenera.

Mamegapikiseli asakusokonezeni Aphiri. Kuti mutsukitse chithunzi chooneka bwino pa pepala la A4, pa madontho 300 pa inchi iliyonse, mukufunika mamegapikiseli osakwana 9. Kamera iliyonse ya lenzi yochotseka imene yapangidwa m'zaka khumi ndi zisanu zapitazi imaposa pamenepo. Kamera yoyamba ya digito, imene Steven Sasson anapanga ku Kodak mu 1975, inali ndi 0.01 yokha, ndipo kuchokera nthawi imeneyo chiwerengerochi chakhala chokometsera malonda chifukwa n'chosavuta kulemba pa katoni.

Anabanda (Mufakose):
Ndikugwirizana ndi Bambo Mwale, ndipo ine ndikufuna kutsindika za lenzi chifukwa ndi pamene ndinataya chaka chathunthu. Ndimajambula maukwati a achibale ndi masewero a ana kusukulu imene ndimaphunzitsa. Kamera yanga ndi Canon EOS 600D, imene inatuluka mu 2011 ndipo ili ndi mamegapikiseli 18. Inabwera ndi lenzi ija imabwera ndi makamera ambiri, ya 18-55mm, ndipo kwa chaka chonse ndinkaganiza kuti kamerayo ndi yokalamba chifukwa m'nyumba zithunzi zinkatuluka zamdima ndi zodzaza timadontho ngati mchenga. Tsiku limene ndinabwereka lenzi ya 50mm f/1.8 ndi limene ndinazindikira kuti kamera inalibe mlandu.

Nambala imene imalembedwa pambuyo pa chilembo cha f imanena za kukula kwa bowo lolowera kuwala, ndipo nambalayo ikachepa ndiye kuti bowolo ndi lalikulu. Lenzi ya 18-55mm ija mukaikokera pa 55mm bowo lake silitseguka kuposa f/5.6. Lenzi ya f/1.8 imalowetsa kuwala kochuluka pafupifupi kakhumi kuposa pamenepo. Kunena kwina, pamene yoyambayo ikufuna 1/20 ya mphindikati, nthawi imene mayi woimba amakhala atasuntha kale mutu, inayo ikufuna 1/200 yokha. M'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kusiyana kumeneku ndiko kumapereka chithunzi kapena kukumanani.

Choncho pa madola 400 anuwo, langizo langa ndi lakuti musagule kamera yatsopano ya lenzi wamba. Funani kamera yogwiritsidwapo kale ntchito ya Canon kapena Nikon, ndipo gawo labwino la ndalamazo lipite ku lenzi ya f/1.8. Kungoti samalani ndi utali wake. Pa sensa ya APS-C ya Canon, lenzi ya 50mm imaona mopanikiza ngati ya 80mm, moti ndi yabwino pojambula nkhope ya munthu mmodzi kapena awiri, koma kuti mukwanitse kwaya yonse muyenera kubwerera m'mbuyo mpaka kukhomo. Ngati mutapeza Nikon, pali lenzi ya AF-S DX 35mm f/1.8G, imene inatuluka mu 2009, ndipo imeneyo imaona pafupifupi mmene diso limaonera. Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero ndi cholinga chonga chanu, ndikanatenga imeneyo.

Atembo (Mbare):
Abale anga, musanawatumize Aphiri kukagula za kale, ndiloleni ndinene zimene zinandionekera, chifukwa mpaka lero zimandipweteka. Ndinagula kamera ndi lenzi yake m'kasitolo kena m'tauni muno, ndipo wogulitsa anandionjezera memore kadi yolembedwa 64GB ngati banyira. Ndinangoyesa kujambula zithunzi ziwiri m'sitolomo, ndinaona kuti zikutuluka, n'kulipira. Patapita milungu itatu tinali ndi mwambo wovundukula chiliza cha malemu bambo anga, ndipo achibale ena anachokera ku Dedza pa basi, ulendo wa tsiku lonse kudzera ku Tete ndi ku Nyamapanda. Ndinajambula tsiku lonse, kamera ikuwerenga bwinobwino. Madzulo poika kadi pa kompyuta, zithunzi zoyambirira zokha ndizo zinatseguka, zotsalazo mayina ake ankaoneka koma mkati munalibe kanthu. Kadiyo inali yachinyengo, yaing'ono koma yolembedwa ngati yaikulu. Azakhali anga amene anabwera tsiku limenelo anatisiya chaka chotsatira, ndipo chithunzi chawo ataima pamanda a mlongo wawo ndilibe.

Lenzi nayonso inali ndi chuku mkati. Ndinadzachiona pambuyo pake nditawalitsa tochi ya foni kuchokera kumbuyo kwa lenziyo: timizere toyera tonga ukonde wa kangaude m'mphepete mwa galasi. Kuyambira Novembala mpaka Malichi, mvula ikamagwa, lenzi yosungidwa m'chikwama chotseka imachita chuku msanga, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi moti sichichokanso.

Sindikunena kuti musagule za kale, popeza nanenso ndinadzagulanso ya kale imene ikunditumikira bwino. Koma mupite ndi kadi yanu imene mwagula pamalo odalirika, ndipo musanaidalire muiyese ndi kapulogalamu kaulere kotchedwa H2testw, kamene kamadzaza kadi yonse n'kuwerenganso kuti kaone ngati kukula kwake kuli koona. Muchotse lenzi, muiwalitse ndi tochi mbali zonse ziwiri. Mujambule khoma loyera kapena thambo pa f/16, kenako mukulitse chithunzicho kuti muone madontho a fumbi la pa sensa. Fumbi limapukutika, koma mzere wokandika supukutika. Mufunsenso chaja yake yeniyeni, osati yongofanizira.

Mdzukulu wa Angozo (Chitungwiza):
Pepani kwambiri Bambo Tembo chifukwa cha zimene zinakuchitikiranizo. Ndiwonjezere chinthu chimodzi pa zoyang'ana pogula. Shata ya kamera, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe mukadina batani, ili ngati injini ya galimoto, imatha ndi mtunda. Pa makamera a Nikon, chiwerengero cha nthawi zimene shata yatseguka chimalembedwa mkati mwa chithunzi chilichonse, ndipo pulogalamu yaulere ya ExifTool imachionetsa. Makamera a anthu oyamba kumene ambiri anapangidwa kuti afike pafupifupi 100,000, choncho imene ili pa 15,000 ikadali ndi moyo wautali, pamene imene inkajambula maukwati Loweruka lililonse kwa zaka zambiri ikhoza kukhala pafupi kutopa ngakhale kunja ikuwala.

Komanso Bambo Phiri, ngati mutatenga Nikon ya gulu la D3000 kapena D5000, monga D3200, D3300 kapena D5200, dziwani kuti makamera amenewa alibe kamota koyendetsa lenzi mkati mwawo. Lenzi zakale zolembedwa AF kapena AF-D zimalowa bwinobwino koma sizilunjika zokha, muyenera kupotokola ndi dzanja. Zolembedwa AF-S ndizo zili ndi kamota kawo. Zolembedwa AF-P sizigwira pa D3200 ndi zina zakale kuposa iyo. Ogulitsa ena sadziwa zimenezi, ena amadziwa koma sanena.

Anankhoma (Dzivarasekwa):
Ndamva ndipo ndaphunzirapo, makamaka za anthu oyenda pojambulidwa. Koma ndifunse: mphwanga amene ali ku Johannesburg akuti makamera a galasi (kalilole) mkati, a DSLR amene mukutchulawa, anatha fasho, ndipo aliyense akugula opanda galasi. Kodi sitikuwagulitsa Aphiri chinthu chimene mawa chidzasowa zipangizo?

Anabanda (Mufakose):
Mphwanu sakunama, achemwali. Kuyambira 2018, pamene Canon inatulutsa makamera a RF ndipo Nikon inatulutsa a Z, mphamvu zonse za makampani awiriwa zapita ku makamera opanda galasi, ndipo Sony inali itayamba kale. Ubwino wawo pa vuto la Aphiri ndi waukulu ndithu, chifukwa ukayang'ana m'kawindo koonera umaona chithunzi mmene chitulukire usanadine batani, kotero kuti bulauzi ikamapserera umaona pompo. Ambiri atsopano amathanso kujambula mwakachetechete, pamene DSLR imalira kuti khwa, phokoso limene pa nthawi ya pemphero limamveka tchalitchi chonse.

Koma kusamuka kwa anthu kumeneku ndiko kwachititsa kuti ma DSLR ndi malenzi ake apezeke ambiri pamtengo wofikirika. Malenzi a Canon a EF akhala akupangidwa kuyambira 1987, ndipo sadzasowa posachedwa. Tsiku limene Aphiri adzafune kusamukira ku kamera yopanda galasi, pali kachipangizo kolumikizira kamene kamalola lenzi yakale kugwira ntchito pa kamera yatsopano, FTZ ku Nikon ndi EF-EOS R ku Canon.

Amwale (Highfield):
Ndipo tisaiwale kumene tikukhala. Nikon D3500 ya mu 2018 inayezedwa kuti imajambula zithunzi 1,550 pa batire limodzi, D3300 imafika 700, pamene Sony a6000 ya mu 2014, imene ndi kamera yabwino kwambiri yopanda galasi, imathera m'ma 300. Munthu amene magetsi amabwera kwawo pakati pa usiku n'kuchoka m'mamawa ayenera kuganizira zimenezi kuposa mnzake wa kunja amene amalemba zoyamikira makamera pa intaneti. Ine ndinaonapo ukwati ukufika pa kudula keke batire la wojambula litatha.

Aphiri (Mabvuku):
Zikomo kwambiri nonse, maso anga atseguka. Ndiye tinene kuti kamera ndi lenzi ndapeza. Nanga mabulauzi aja ndithana nawo bwanji, popeza Bambo Mwale anena kuti ngakhale kamera yaikulu imasokonezeka nawo? Ndipo pulogalamu ndiike iti?

Mdzukulu wa Angozo (Chitungwiza):
Bambo, mafunso awiriwa ndi funso limodzi, ndipo yankho lake likuyambira mu kamera momwemo. Muisinthe kuti izisunga zithunzi mu RAW, kapena RAW pamodzi ndi JPEG pamene mukuphunzira. JPEG ndi chithunzi chophikidwa kale: kamera yasankha yokha kuwala ndi mitundu, zotsala yataya, ndipo mtundu uliwonse watsala ndi masitepe 256 kuchokera pakuda mpaka poyera. RAW imasunga zimene sensa inaona, masitepe 4,096 pa makamera a 12-bit, kapena 16,384 pa a 14-bit. Masitepe owonjezerawo ambiri ndi amene amakupulumutsani mukafuna kuwalitsa nkhope imene inada. Lamulo lake ndi lakuti choyera chikapserera sichibwereranso, koma chakuda chimadzutsika. Choncho pojambula mutetezere bulauzi mwa kuchepetsa kuwala pang'ono ndi batani lolembedwa +/-, ndipo muyatse chenjezo limene limaphethiritsa malo opserera mukamaonanso chithunzi. Nkhope mudzazidzutsa pa kompyuta.

Za mapulogalamu, ndiyambe ndi limene aliyense amatchula. Adobe Lightroom ndi yabwino ndipo ndi yosavuta kuphunzira, koma kuyambira 2013 Adobe inayamba kusamutsira mapulogalamu ake ku njira yolipira mwezi ndi mwezi, ndipo Lightroom 6 ya mu 2015 ndiyo inali yomaliza kugulidwa kamodzi n'kukhala yako. Kwa munthu wojambula Lamlungu lokha, amenenso ayenera kupeza kadi yolipirira kunja m'madola, ndalama imeneyo ndi bwino ipite ku batire lachiwiri. Ndikupemphaninso kuti musalole munthu kukuikirani Photoshop kapena Lightroom yobedwa, ija amaika pamtengo wochepa m'timasitolo ta makompyuta. Kawirikawiri imabwera ndi mavairasi, ndipo laputopu imene muli zithunzi za banja si malo oyeserapo mwayi.

Zaulere zilipo zamphamvu. Pali darktable, imene inayamba mu 2009 ndipo imagwira ntchito yofanana ndi ya Lightroom, komanso RawTherapee. Zonse ziwiri sizikhudza fayilo yanu ya RAW, zimangolemba pambali zimene mwasintha, kotero kuti mukalakwitsa mumabwerera. GIMP ndi ya ntchito ina, yonga ya Photoshop, monga kuchotsa waya wa maikolofoni umene wadutsa pankhope, ndipo payokha sitsegula RAW. Ine ndimagwiritsa ntchito darktable ndipo ndimaikonda, koma ndinene chilungamo: ili ndi zida zambiri zosokoneza woyamba kumene, ndipo pa RAM ya 4GB idzakuyendetsani pang'onopang'ono. Ngati laputopu yanu ikulola, kuonjezera RAM kufika 8GB ndi kuika SSD, chosungira chothamanga, m'malo mwa hadi disiki yakale kudzaisintha kwambiri.

Amwale (Highfield):
Mdzukulu wafotokoza bwino, koma wasiya imene ine ndikanayamba nayo. Makampani ambiri amapereka mapulogalamu awo kwaulere kwa eni makamera awo: Canon ili ndi Digital Photo Professional, ndipo Nikon ili ndi NX Studio, imene inatuluka mu 2021. Ubwino wake ndi wakuti mukatsegula RAW, chithunzi chimaoneka ndi mitundu yomweyo imene munaona kumbuyo kwa kamera, chifukwa pulogalamuyo imadziwa mmene kamera yake imaganizira. Mu mapulogalamu ena RAW imayamba yotuwa, ndipo woyamba kumene amataya mtima poganiza kuti wawononga. Aphiri akufunika zinthu zinayi zokha: kuwala konse, kutsitsa zoyera, kudzutsa mithunzi, ndi kukonza mtundu wa kuwala. Zonsezi zilimo.

Tsopano ndinene chimene chandikhalitsa pa nkhaniyi usiku uno. Pamene mukudzutsa nkhope ya mayi anu, Aphiri, mudziwe polekezera. Kudzutsa mthunzi ndi kuyeretsa khungu ndi zinthu ziwiri zosiyana. Ndaona zithunzi zambiri za maukwati masiku ano zimene mkwatibwi watuluka wotuwa ngati wadzola ufa, makwinya a agogo atasalazidwa, mpaka achibale kumafunsana kuti ameneyu ndi ndani. Mafoni ena amachita zimenezi okha ndi zokongoletsa nkhope zimene zimakhala zoyatsidwa kale, ndipo ojambula ena amachita dala poganiza kuti akukometsa. Khungu lathu lili ndi kufiirira kwake ndi kunyezimira kwake pamphumi ndi pamasaya, ndipo mukakoka kwambiri kachingwe ka mithunzi zimenezi zimafa, nkhope n'kukhala ya phulusa. Ine ndimati ndikakonza, ndimachoka pa kompyuta, ndimakamwa tiyi, kenako ndimabwerera n'kudzifunsa ngati mwana wa munthuyo angamuzindikire msanga. Adzukulu a mayi anu adzafuna kuona agogo awo, ndi zaka zawo 81 zonse pankhope.

Anabanda (Mufakose):
Bambo Mwale, pamenepa mwandikhudza, chifukwa inenso ndinachitapo zimenezi pa zithunzi za ukwati wa mng'ono wanga, ndipo apongozi ake atachiona anangoti chete n'kuchibweza mu envelopu. Ine ndimalipira Lightroom chifukwa ndimakonza zithunzi mazanamazana nthawi imodzi ndipo imandisungira mwadongosolo, koma kwa Aphiri ndikuvomereza kuti ayambe ndi ya kampani ya kamera yawo.

Ndiwonjezere za malo oima. Musaime pamene mawindo ali kumbuyo kwa oimba, chifukwa pamenepo nkhope zimakhala mumthunzi ndipo palibe pulogalamu imene ingakonze bwino. Imani mbali imene kuwala kwa windo kukugwera pankhope zawo chammbali. Fulashi ya pamwamba pa kamera muisiye, imapsereza nsalu zoyera, imanyezimiritsa thukuta, ndipo imasokoneza mapemphero. Mukambiranenso ndi abusa ndi akulu a mpingo za nthawi imene simuyenera kujambula, monga pa Mgonero. Potumiza zithunzi pa WhatsApp, zimene anthu akufuna kukatsukitsa muzizitumiza ngati dokyumenti, chifukwa mukatumiza mwachizolowezi zimafinyidwa ndipo pa pepala zimatuluka zosaoneka bwino.

Atembo (Mbare):
Ndipo zithunzi zisakhale malo amodzi, achimwene. Musafufute kadi musanakopere pa laputopu ndi pa chosungira china chimene chimakhala padera. Kamera ndi lenzi muzisunge m'chigubu chotseka bwino muli timapaketi ta silika, tija timapezeka m'makatoni a nsapato, ndipo muzizitulutsa kawirikawiri kuti zione kuwala.

Aphiri (Mabvuku):
Abale ndi alongo, papita milungu itatu ndipo ndabwera kudzapereka lipoti. Ndinapeza Nikon D3300 kwa munthu wina amene akusamukira kunja, ndipo Mdzukulu wa Angozo anadzipereka kundiperekeza ndi laputopu yake. Shata inali itangopitirira 11,000, lenzi ya 18-55mm inali yoyera pa tochi, ndipo ya 35mm f/1.8G tinaipeza padera. Ndalama zinatha ndithu, moti batire lachiwiri lidikira mwezi wamawa.

Lamlungu ndinaima kumanzere, pafupi ndi chipilala chachiwiri, pamene windo limaponya kuwala pamzere wakutsogolo. Ndinaika kamera pa A, pamene iwe umasankha bowo ndipo kamera imasankha liwiro la shata, bowo pa f/2.2, ISO (nambala imene ukaikweza chithunzi chimawala koma timadontho timachuluka) pa 1600, ndipo ndinachepetsa kuwala ndi 0.7 monga munandilangizira. Shata inkasewera pafupi ndi 1/200. Kumbuyo kwa kamera nkhope zinkaonekabe zakuda ndipo ndinada nkhawa, koma madzulo mu NX Studio nditadzutsa mithunzi pang'onopang'ono, mayi anga anatulukira. Pakamwa pali potsegula pakati pa nyimbo, dzanja limodzi lili pa ndodo, lina lili m'mwamba. Bulauzi ikuoneka mabatani ake onse ndi mzere wa simbi pamkono. Chimene sindinayembekeze ndi mphini zitatu zimene ali nazo patsaya lakumanzere, zimene anatemedwa ali mtsikana kwawo ku Ntcheu asanabwere kuno ndi malemu bambo. Pa foni sizinaonekepo n'kamodzi komwe. Nditawaonetsa pa laputopu anakhala nthawi yaitali akuyang'ana, kenako anagwira tsaya lawo n'kunena kuti chimenechi nditumize kwa mng'ono wawo kumudzi.

Mavuto alipo awiri. Pa zithunzi za gulu, mzere wakutsogolo uli bwino koma amayi a mzere wachitatu ndi achimbuuzi. Komanso chapakati pa mapemphero magetsi anabwera, machubu a kudenga anayaka, ndipo zithunzi za pambuyo pake zili ndi kubiriwira pankhope ndi pansalu.

Anabanda (Mufakose):
Ndasangalala kwambiri Aphiri, ndipo mupereke moni kwa mayi. Vuto loyambalo ndi mtengo umene timalipira potsegula bowo: pa f/2.2 malo olunjika bwino amakhala ochepa, mwina mzere umodzi wokha. Pa gulu la mizere itatu tsekani kufika f/4 kapena f/5.6, mulunjike pa mzere wachiwiri, mubwerere m'mbuyo pang'ono, ndipo ISO muikweze mpaka 3200 osaopa. Timadontho ta ISO timachepetseka pa kompyuta ndipo pa pepala sitioneka kwenikweni, pamene chimbuuzi sichikonzeka. Ngati kuwala sikukwanira, chithunzi cha gulu lonse mujambule panja mapemphero atatha, pamthunzi wa khoma osati padzuwa la masana.

Mdzukulu wa Angozo (Chitungwiza):
Kubiriwirako ndi kwa machubu, ndipo popeza munajambula mu RAW, n'kosavuta. Mu NX Studio, pagawo la White Balance, pali kachida kotengera mtundu pachithunzi. Mudine nako pa bulauzi, pamalo amene sipanapserere, makamaka pamene pali kamthunzi kochepa, ndipo mitundu yonse idzabwerera m'malo. Mukakonza chimodzi mungathe kukopera zosinthazo pa zonse zimene munajambula machubu atayaka. Mayunifolomu amene anakuvutitsani aja ndi amene akuthandizeni pamenepa, chifukwa chithunzi chilichonse chili ndi choyera choyezerapo.

Amwale (Highfield):
Musanatsukitse chachikulu, Aphiri, yambani mwatsukitsa chaching'ono cha 10 ndi 15 sentimita, chifukwa sikirini ya laputopu imawala kuposa pepala ndipo zithunzi zambiri zimabwera zakuda kuposa mmene munaziwonera. Muwauzenso otsukawo kuti azimitse zokonza zokha za makina awo, apo ayi makinawo adzayeretsa nkhope imene mwaisamalira ija. Loweruka likubwerali ndidzakhala ku Harare Gardens, mbali ya ku National Gallery, kuyambira 3 koloko masana. Mubwere ndi kamera ndi chaching'onocho kuti tichione pa kuwala kwa dzuwa, ndipo Anankhoma, ngati muli ndi mpata bweraninso ndi foni yanu kuti tijambule munthu mmodzi pa zipangizo zonse ziwiri.

Anankhoma (Dzivarasekwa):
Ndidzabwera Bambo, ndipo ndidzatenga mwana wanga wamkazi atavala bulauzi yoyera ya kusukulu kuti akhale wojambulidwa.